Bayibayi NullPointerException!

Pulogalamu yathu yochezerana pa intaneti inali ndi nthenda yake. Pamwamba pa service yosunga mauthenga panalembedwa @Autowired bwinobwino, koma munthu akangolowa n'kulemba kuti "moni", seva inkamulandira ndi NullPointerException. Service yoyembekezekayo kunalibe.

Gwero lake linali ili: malinga ndi JSR 356, ndondomeko ya WebSocket imene inabwera ndi Java EE 7 mu 2013, class ya @ServerEndpoint, ngati imene tinkagwiritsa ntchito ifeyo, imapangidwa ndi Tomcat, osati Spring, ndipo munthu aliyense akalumikizidwa Tomcat amamupangira yakeyake. Spring sadziwa n'komwe kuti kwabadwa chinthu, nanga angachipatse bwanji zofunikira? Motero, pothawa vutoli, endpoint inayamba kudzipangira zonse yokha ndi "new", ngakhale njira yolowera ku database. Madzulo anthu akachuluka, aliyense ankadzikumbira chitsime chake mjigo uli pakhomo, mpaka database inkatopa n'kuyamba kubweza obwera kumene. Kuyesa kachigawo kamodzi kokha ka code kunkafuna kudzutsa Tomcat yense.

Koma lero, abale inu, bwerani mudzaone!

Tinachotsa @ServerEndpoint n'kulemba class yochokera ku TextWebSocketHandler, imene inabwera ndi Spring 4.0 kumapeto kwa 2013. Tinailembetsa mu WebSocketConfigurer, n'kuikapo @EnableWebSocket, basi. Tsopano handler ndi bean ngati anzake onse. Imangotchula mu constructor zimene ikufuna, Spring n'kubweretsa: yosunga mauthenga, yotsimikizira amene walowa, zonse zili tayale. Dependency injection ndiye imeneyo.

Database nayo inapuma. Onse ochezerana amabwerekana njira 10 zimene HikariCP imasunga mwachizolowezi. Wina akamaliza amabweza, wina n'kutenga. Nanga kuyesa code? Timangoipatsa handler service yabodza ya Mockito, ndipo mayeso amatha tiyi tisanamuthire n'komwe shuga. Mnzathu amene ankadana ndi mayeso ndiye akuwalemba mochuluka kuposa tonsefe, uku akuimba mluzu.

Moyo watsopanowu uli ndi malamulo ake awiri, ndipo timawasunga mosangalala. Popeza handler imodzi imatumikira anthu onse, zokhudza munthu mmodzi sitiziika mu class, timazisunga mu getAttributes() ya WebSocketSession yake, kuopa kuti uthenga wa uyu ungagwere kwa uyo. Chachiwiri, ma thread awiri saloledwa kutumiza pa session imodzi nthawi imodzi, choncho session iliyonse timaikuta ndi ConcurrentWebSocketSessionDecorator kuti mauthenga azituluka pamzere.

Posachedwa abwana anapempha kuti tiziletsa mawu otukwana. Kale pempho lotere likanatigonetsa ku ofesi. Tinangolemba service yosefa mawu, n'kuionjezera mu constructor, mayeso n'kudutsa. Abwana pobwera kudzafunsa kuti ntchitoyo tiyamba liti, anatipeza tikutsuka makapu.