Gogodela ya makolo kapena ya kwa wosula?

Mwezi wa Okutobala ukamayandikira, magulu a tchopa ozungulira Chonde ku Mulanje amayamba kufukula zovala zawo pokonzekera chikondwerero cha Alhomwe chomwe chimachitika pamalopa chaka ndi chaka. Zikopa zimayanikidwa, nthenga zimasokedwanso, ndipo ovina ngati alenje amayamba kufunsafunsa komwe angapeze mfuti ya gogodela. Paja tchopa ndi gule wa nsembe, wa zokolola komanso wa pobwera ku uzimba.

Mkulu wina wa imvi tinampeza pakhonde la nyumba ina chakufupi ndi msewu wa ku Luchenza, mfuti ziwiri zogulitsa zitagonekedwa pachiguduli. Yoyamba inali yaitali moti ataiimika inkamufika m'chibwano. Thabwa lake linali litada bii ndi thukuta la manja a anthu omwe anapita kale, ndipo pomwe linang'aluka anakulungapo waya ndi chikopa chouma. Pachitsulo cha m'mbali pankaoneka chisoti chachifumu ndi zilembo zofufutika zoti TOWER. Kabowo kolowera moto kanatsekeka ndi dzimbiri. Yachiwiri inali yaifupi, ya paipi, yochokera kwa wosula zitsulo, thabwa lake la mlombwa likadanunkhira.

Mkuluyo sanafulumire. Anagogoda chitsulo cha mfuti iliyonse ndi ndalama, khutu ali tcheru. Ananunkhiza kukamwa kwake kuti amve ngati munadutsa onga posachedwa. Kenako anakoleka yaitaliyo paphewa n'kuponda masitepe a tchopa pabwalo, chiuno chili pansi, mpaka amayi omwe ankasenda nandolo anayamba nthungululu.

Mkangano unabuka ndi mphwake yemwe anabwera ndi ndalama. "Amalume, mfuti yosalira ndi ndodo basi," anatero mnyamatayo, n'kuwonjezera kuti zilembo si umboni woti mfutiyo ndi yakaledi.

Pa zilembozo mnyamatayo sanalakwe kwenikweni. Opanga mfuti zamalonda ku Birmingham ndi ku Liège ankadinda chizindikiro chomwechi pa mfuti zotchipa zogulitsa ku Africa, choncho TOWER satanthauza kuti inagwiridwapo ndi msilikali wa mfumu. Komabe zotere zinadutsadi kuno. Amalonda a minyanga ndi akapolo ankadzera pampata wa pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi popita ku Quelimane, ndipo n'chifukwa chake Angerezi anamangapo Fort Lister mu 1893. Pangano la ku Brussels la 1890 linaletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa Aafirika m'chigawo chachikulu cha kontinentiyi, koma linasiya mpata wa mfuti zoyatsira mwala ndi onga wamba. Gogodela inakhalitsa m'midzi motero.

Pomwe mnyamatayo anaphonya ndi pa kulira. Paipi wa madzi sanapangidwire onga. Ukachulukitsa muyezo amaphulikira m'manja mwa mwini wake. Chinanso, mfuti yolira imafuna chilolezo, ndipo ya kwa wosula ndi yomwe alonda a nkhalango amalanda kwa opha nyama mozemba. Kuinyamula pakati pa chikhamu cha ku Chonde n'kudziitanira apolisi. Malume ake anangoti iwo akufuna yovinira, osati yophera, koma sanatsutse kuti mtengo wa yakaleyo, wofika mbuzi ziwiri, unali wolasa m'thumba.

Dzuwa linapendeka asanagwirizane, mwini mfuti n'kuzikulunganso m'chiguduli.

Anyamata ambiri olowa tchopa masiku ano alibe nazo ntchito zonsezi. Amasema mfuti ya mtengo wa bulugama, n'kuipaka polishi wa nsapato, lamba wake n'kudula ku chubu cha njinga. Ena amati n'kupeputsa mwambo, koma m'zikwama za pamsana za ovina akale muli kale zidole, makasu ndi mapoto obooka.