Mauthenga a pa Lamya ndi Chinsinsi Chathu: Phunziro Lochokera ku Mphakati

Akhristu ambiri a m'maparishi a Kachebere, Guilleme, Ludzi ndi Kapiri m'boma la Mchinji tsopano amamva za mpingo kudzera pa lamya za m'manja. Koma pa lamya yomweyo pamafikanso mauthenga amene sitidawapemphe. Ena ndi otsatsa malonda, ena amati tapata mphoto, ena amati ndalama zalowa molakwika mu Airtel Money kapena Mpamba wathu ndipo tizibweze. Ena amatchula ngakhale Mtukula Pakhomo, ndondomeko imene idayambira m'boma lomwelino m'chaka cha 2006. Poti tili m'malire a Mwami, nambala zoyamba ndi +260 za ku Zambia sitizidabwa, ndipo zimenezi zimapeputsira akathyali ntchito.

Kodi anthu osatidziwa amatipeza bwanji? Makampani monga Facebook, imene idayamba mu 2004 ndi kugula WhatsApp mu 2014, satilipiritsa polowa. Phindu lawo lalikulu limachokera kwa otsatsa malonda, choncho amasonkhanitsa mbiri yathu: zaka zathu, dera lathu, anzathu ndi zimene timakonda. Komanso pa gulu wamba la WhatsApp mamembala amaonerana nambala. Mlendo mmodzi akalowetsedwa mosasamala, nambala za kwaya yonse zimakhala m'manja mwake.

Njira zathu zakale zoperekera mauthenga sizili choncho. Miphakati idakhazikika mu dayosizi ya Lilongwe pa nthawi ya Ambuye Patrick Kalilombe, makamaka pa sinodi yaing'ono ya zaka za 1973 mpaka 1975. Pa mphakati wolengeza nkhani timamudziwa dzina, mudzi ndi banja lake. Akanena zabodza, sabata yamawa adzayankha pamaso pa anzake. Zolengeza za pa Misa zimayamba zadutsa kwa Bambo Mfumu kapena kwa a khonsolo ya tchalitchi. Wailesi ya Mudziwathu kuno ku Mchinji nayonso imalankhula ndi anthu amene ikukhala nawo. Kumeneku uthenga uli ndi mwini wake, ndipo palibe amene amapindula ndi maina athu.

Sitikunena kuti titaye lamya. Mpingo udavomereza kale zipangizo zofalitsira nkhani m'chikalata cha Inter Mirifica cha 1963. Chofunika ndi kutengera mwambo wa pa mphakati ku magulu athu a pa lamya. Gulu lililonse likhale ndi woyang'anira wosankhidwa ndi akhristu, ndipo alowemo okhawo odziwika. Pempho la ndalama m'dzina la wansembe kapena la parishi tiyambe talitsimikiza kwa mkatekisiti kapena ku ofesi ya parishi. Nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money sitiuza munthu aliyense, ngakhale amene akudzitcha wogwira ntchito ku kampani.

Akatekisiti ali ndi udindo wapadera, chifukwa amasunga maina a akatekumeni, a ana a Ukaristia woyamba, a odwala ndi a mabanja amene ali pa mavuto. Lamulo 220 la Malamulo a Mpingo limateteza mbiri yabwino ndi chinsinsi cha munthu aliyense. Tisajambule kaundula n'kumuika pa gulu. Tisafalitse matenda a mnzathu kapena chithunzi cha mwana popanda chilolezo, ngakhale cholinga chikhale chopempha mapemphero.

Malamulo a dziko nawonso ali kumbali yathu. Lamulo la 2016 lokhudza malonda ndi chitetezo pa intaneti limaletsa kutumiza mauthenga osapemphedwa ndi cholinga chophwanya lamulo, ndipo la 2024 loteteza mbiri ya munthu lidapatsa bungwe la MACRA udindo woyang'anira nkhanizi. Amene waberedwa akanene msanga kupolisi ndi ku kampani ya lamya, osachita manyazi, ndipo achenjeze anzake pa mphakati. Ambuye atithandize kusungirana ulemu pa lamya monga timachitira pamaso.