Mpando wa Mayi Feinstein adayamba kuulimbirana mwiniwake akadalipo

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba mumzinda wa Oakland, m'chigawo cha California ku America. Agogo amene ndinkawasamalira m'chaka cha 2023 adali mzungu wa zaka 88. Pofika masana sankakumbukira ngati adya phala m'mawa, koma za pa 27 November 1978 ankazifotokoza ngati zachitika dzulo. Tsiku limenelo munthu wina amene adali khansala adalowa mu ofesi za mzinda wa San Francisco ndi mfuti n'kupha meya George Moscone komanso khansala Harvey Milk. Amene adaima pamaso pa atolankhani kulengeza za imfazo adali Dianne Feinstein, yemwe pa nthawiyo ankatsogolera makhansala. Ndiye adatenga umeya, n'kuugwira mpaka 1988. Agogowo ankati kuyambira tsiku limenelo sadavoterepo munthu wina pamene dzina la mayiyu lili papepala.

Choncho nkhani yoti kodi Mayi Feinstein apuma kapena ayi ndidaitsatira ndili pampando wa pabalaza, wailesi yakanema ikulira, ine ndikudula zikhadabo za munthu amene ankawakonda ngati mchemwali wake.

Kwa amene simutsatira ndale za kuno, nyumba ya malamulo ya America ili pawiri. Yaikulu ndi Seneti, momwe muli anthu 100, awiri kuchokera m'chigawo chilichonse, ndipo amakhalamo zaka zisanu ndi chimodzi asanapitenso kuchisankho. (Nafenso kwathu malamulo a 1994 adali ndi Seneti, koma siidakhazikitsidwe ndipo aphungu adaichotsa mu 2001.) California ili ndi anthu pafupifupi 39 miliyoni, kuposa Malawi yense kutalitali, koma maseneta ake ndi awiri basi. Malamulo amati seneta asachepere zaka 30. Za msinkhu wopumira sanenapo kanthu.

Mayi Feinstein adalowa mu Seneti mu 1992. Ndiwo adalemba lamulo la 1994 loletsa mfuti zina zoopsa, ndiwonso adakakamira mpaka lipoti lonena za momwe bungwe la akazitape la CIA linkazunzira akaidi lidatuluka mu 2014. Sadali munthu wamba. Koma pofika 2020 manong'onong'o adali atayamba. Magazini ya New Yorker idalemba kuti mtsogoleri wa chipani chawo cha Democratic mu Seneti, a Chuck Schumer, adakhala nawo pansi kangapo kuti atule udindo wina wa m'komiti, ndipo mayiwo ankaoneka kuti aiwala zoti nkhaniyo adakambirana kale. Mu February 2022 amuna awo adamwalira. Mu April chaka chomwecho nyuzipepala ya San Francisco Chronicle idalemba kuti anzawo ena a mu Seneti, omwe sadafune kutchulidwa mayina, akudandaula ndi kuiwala kwawo. Mayiwo adakana kuti palibe vuto.

Nthawi yawo inkathera mu January 2025, ndipo funso lidali loti kodi adzaimanso pachisankho cha 2024, ali ndi zaka 91. Iwo ankangoti adzanena nthawi ikakwana.

Ena sadadikire. Pa 10 January 2023 phungu wina wa nyumba yaing'ono, Katie Porter, wa zaka 49, wodziwika ndi kupanikiza akuluakulu a mabanki ndi mafunso atanyamula kabolodi kolembapo, adalengeza kuti akufuna mpandowo. Pa 26 mwezi womwewo a Adam Schiff, amene adatsogolera mlandu woyamba wofuna kuchotsa a Donald Trump paupulezidenti, nawo adatulukira. Onse awiri ndi a chipani cha mayiwo. Agogo atamva za Porter adati ndizimitse kanema.

Nanenso zidandinyansa. Ndidakulira komwe sitigawana zovala za munthu akadali kupuma. Ngakhale aliyense akuona kuti amalume atha, nkhani ya yemwe adzalowe m'malo mwawo imakambidwa kuseri, motsitsa mawu, ndipo wofulumira kuitchula pagulu anthu amamuyang'ana ndi diso lina. Ndidauza mnzanga wina wa ku Ghana, amene timagwira ntchito yofanana, kuti mwana uyu ndi wopanda mwambo. Iye adaseka n'kundifunsa ngati ndikudziwa mtengo wa mphindi imodzi yotsatsira pakanema ku Los Angeles. Kuno kampeni si ya misonkhano ya pabwalo la sukulu. Kuti anthu 39 miliyoni amve dzina lako pamafunika madola mamiliyoni ambiri, ndipo chisankho chachipulula chidali mu March 2024. Wodikira mwaulemu akadapeza opereka ndalama onse atalonjeza kale kwina. Ndidamvetsa, ngakhale mumtima sindidakondwe.

Pa 14 February 2023 ofesi ya Mayi Feinstein idatulutsa kalata yonena kuti sadzaimanso, koma amaliza nthawi yawo. Atolankhani atawapeza tsiku lomwelo n'kuwafunsa, iwo adati sadalengezebe kalikonse, mpaka wantchito wawo adawauza kuti kalatayo yatuluka kale. Patatha sabata imodzi phungu wa kuno ku Oakland, Mayi Barbara Lee, adalowa mumpikisanowo. Amenewa ndi mayi wachikuda amene mu September 2001 adavota yekha, m'nyumba yonse ya malamulo, kukana kupereka mphamvu kwa pulezidenti zoyambira nkhondo pambuyo pa zigawenga za pa 11 September. Iwo okha mwa atatuwo ndi amene adadikira kuti mwini mpando alankhule.

Ndidaganiza kuti nkhani yatha. Kudali kuyamba kumene.

Chakumapeto kwa February mayiwo adadwala mashingozi, omwe pambuyo pake zidadziwika kuti adafika potupitsa ubongo ndi kupuwalitsa mbali ina ya nkhope. Adakhala kunyumba kwawo ku San Francisco pafupifupi miyezi itatu, n'kuphonya mavoti oposa 90. Apa m'pamene masamu adalowerera. Mu Seneti mbali ya a Democratic idali ndi anthu 51, a Republican 49. M'komiti yoona za malamulo, imene imayamba kuvomereza majaji osankhidwa ndi pulezidenti, adali 11 kwa 10, ndipo mmodzi mwa 11 aja adali Mayi Feinstein. Popanda iwo zidali 10 kwa 10, ndiye jaji aliyense amene a Republican sankamufuna ankangokhala pamzere. Majaji amenewa amakhala paudindo moyo wawo wonse, ndipo ndi amene amagamula milandu ya ufulu wovota, ya kuchotsa mimba ndiponso ya ife obwera. Mayiwo adapempha kuti wina awagwirire malo m'komitimo kwa kanthawi. Mu April a Republican adakana.

Phungu wina wa chipani chawo chomwe, a Ro Khanna, adanena poyera kuti atule pansi udindo. Mayi Nancy Pelosi, amene adakhalapo sipikala, adayankha kuti sadaonepo seneta wamwamuna wodwala akumuchita zotere. Mfundo imeneyi ili ndi mano. A Strom Thurmond adakhala mu Seneti mpaka zaka 100, akuchita kugwiririzidwa. A Chuck Grassley adabadwa chaka chimodzi ndi Mayi Feinstein, 1933, ndipo adali atangosankhidwanso mu 2022. Chaka chomwecho cha 2023 a Mitch McConnell adauma kawiri pamaso pa atolankhani, osatha kutulutsa mawu kwa masekondi angapo, ndipo kachiwiriko funso lidali loti kodi adzaimanso mu 2026. Komabe kunena kuti amuna adawalekerera sikuyankha funso loti kodi mayiyu ankatha ntchito.

Ndiye padali china chimene anthu ankachinena motsitsa mawu. Seneta akatula pansi udindo kapena kumwalira, bwanamkubwa wa California ndiye amasankha wogwirizira. Bwanamkubwayo, a Gavin Newsom, adalonjeza mu 2021 kuti mpando wa Mayi Feinstein ukadzakhala wopanda munthu adzaikapo mayi wachikuda. Aliyense ankaganiza za Barbara Lee. Akadaikidwa, akadalowa chisankho ali kale seneta, zomwe zikadaika a Schiff pamalo ovuta. Mayi Pelosi ankathandiza a Schiff. Ndipo amene ankaoneka pambali pa Mayi Feinstein tsiku ndi tsiku, kuwasamalira, adali mwana wamkazi wa Mayi Pelosi. Anyuzipepala adalumikiza zimenezi. A kwa Pelosi adati mabanja awiriwa ndi abwenzi a kalekale, palibe za ndale. Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona nthawi imodzi, ndipo pantchito yanga ndaona zotere kambiri: mwana amene amakondadi mayi ake, amenenso akudziwa kuti nyumba ilembedwa m'dzina la ndani mayiwo akakhalabe momwemo chaka china.

Pa 10 May adabwerera ku Washington ali pa njinga ya olumala, diso limodzi litatsinzina. Patapita masiku ochepa mtolankhani adawafunsa momwe anzawo awalandirira, iwo n'kuyankha kuti sadachokepo, akhala ali pompo akuvota. Mu July, pamsonkhano wa komiti ya za chuma, itafika nthawi yoti angonena kuti akuvomera kapena ayi, adayamba kuwerenga mawu ataliatali, mpaka seneta mnzawo Patty Murray adawauza kuti angoti inde. Ndidaonera kachidutswa kameneko pafoni ndili m'basi, ndipo ndidamva manyazi ngati ndasuzumira munthu wamkulu m'bafa.

Mawu otsitsa aja a Mayi Murray ndidawazindikira, chifukwa ndimawagwiritsa ntchito tsiku lililonse. Miyezi yomweyo m'nyumba mwa agogo mudali nkhani ya makiyi a galimoto. Adali atagunda chipata kawiri. Mwana wawo wamwamuna, amene amakhala kutali, adandiimbira foni kuti ndibise makiyiwo ndizinena kuti asowa. Ndidatero kwa milungu itatu. M'mawa uliwonse agogo ankafufuza m'madirowa, pansi pa makhushoni, m'matumba a majasi, n'kumadzitukwana okha kuti mutu wawo watha, ine ndikuwathandiza kufuna chinthu chimene chidali m'chikwama changa. Ndinkadziuza kuti ndikuwateteza. Zoona zake n'zakuti ndinkateteza mwana wawo kuti asakumane ndi mkwiyo wa mayi ake, komanso ndinkateteza ntchito yanga. Amene adathetsa zimenezi ndi mwana wawo wamkazi. Adabwera Loweruka lina, n'kukhala nawo patebulo n'kuwauza kuti, "Amayi, makiyi sadasowe. Tidawatenga ndife. Simuyendetsanso, chifukwa mudzapha mwana wa munthu." Agogo adalira, ndipo masiku awiri sadamulankhule. Tsiku lachitatu adasiya kufufuza m'madirowa.

Kuyambira pamenepo mkwiyo wanga pa Katie Porter udayamba kuchepa. Iye adaphwanya mwambo, inde, koma adachita poyera, ndipo sadafune kalikonse kwa mayi wokalambayo. Amene ndimavutika nawo mumtima ndi aja ankalankhula mawu aulemu, oti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, chikhalirecho dzanja la mayiyo likufunika kuti chiwerengero chikwane 11. Sindikuiwalanso ovota. Mu 2018 akuluakulu a chipani ku California adasankha kuthandiza wachinyamata, a Kevin de León, koma anthu adavoterabe Mayi Feinstein ndi mavoti pafupifupi 54 pa 100 alionse, ali ndi zaka 85, akudziwa bwino lomwe kuti akuwapatsa zaka zina zisanu ndi chimodzi. Agogo anga adali mmodzi mwa iwo. Ndipo mwini wakeyo, ali bwinobwino mu 2018, akadatha kuima pamenepo. Sadafune.

Mu September a Newsom adasintha pang'ono. Adati lonjezo lilipobe, koma sadzasankha aliyense amene ali kale pampikisano. Mayi Lee adati zimenezo n'zonyoza amayi achikuda. Pa 28 September Mayi Feinstein adalowa mu Seneti n'kuponya voti yawo yomaliza. M'mawa mwake dziko lidamva kuti amwalira kunyumba kwawo ku Washington, ali ndi zaka 90.

A Newsom adasankha Laphonza Butler, amene pa nthawiyo ankakhala ku Maryland. Dzina limeneli ife osamalira okalamba tinkalidziwa, chifukwa mayiyu adatsogolerapo bungwe lomenyera ufulu wa ogwira ntchito ngati yangayi ku California. Adagwira mpandowo miyezi 14 ndipo sadaime pachisankho. Pachipulula cha pa 5 March 2024, momwe zipani zonse zimakhala papepala limodzi n'kutengapo awiri oyambirira, a Schiff adawononga ndalama zambiri pakanema kutchula dzina la Steve Garvey wa Republican, katswiri wakale wa masewero a baseball, podziwa kuti ku California n'kosavuta kugonjetsa wa Republican kusiyana ndi Porter. Zidayenda momwemo. Porter adakhala wachitatu, Lee wachinayi, onse awiri atasiya mwayi woimanso pa mipando yawo ya uphungu. Mu November a Schiff adapambana.

Kuno pepala lovotera limabwera papositi. La mu March lija litafika, agogo adalitambasula patebulo, magalasi ali pamphuno. Mpando wa seneta udalembedwa kawiri, koyamba wa zaka zisanu ndi chimodzi, kachiwiri wa milungu yochepa yotsala pa nthawi ya malemuyo. Adatsata mayina ndi chala kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kubwerezanso, kenako adandifunsa kuti Dianne amuika pati. Ndidatsala pang'ono kunena kuti mwina ali patsamba lina. Ndidawauza kuti adamwalira mu September, ndipo maliro ake tidaonera limodzi. Adakhala chete kanthawi, n'kundiuza kuti ndikawapangire tiyi, popeza voti ndi yachinsinsi. Nditabwera ndidapeza atamata kale envulopu.