Mayi wa m'machila ndi amuna amene anamunyamula

Anthu akamva kuti ndine wofufuza mbiri yakale, ambiri amayesa kuti ndimangoloweza zaka ndi mayina a mafumu. Ntchito yathu kwenikweni imafanana ndi ya nduna pabwalo la milandu: timamvetsera mboni, kenako n'kufunsa kuti mboniyo inaima pati, inaona ziti ndi maso ake, ndipo ndi ziti inangouzidwa. Mboni imene ndabwera nayo lero ndi mayi Helen Caddick.

Mayiwa anabadwira ku West Bromwich, ku England, mu 1845, ndipo anamwalira mu 1927. Sanakwatiwe, ndipo anali ndi chuma chokwanira kuyendera maiko. M'chaka cha 1898, ali ndi zaka zoposa 50, anafika pa Chinde, pamene Zambezi amathira m'nyanja ya mchere. Anakwera sitima ya pamtsinje kulowa mu Shire, nafika ku Blantyre ndi ku Zomba, napitirira panyanja yathu mpaka ku Karonga, kenako pamtunda mpaka ku nyanja ya Tanganyika. Buku lawo, A White Woman in Central Africa, linatuluka mu 1900.

Choyamba chimene ndimayang'ana ndi njira. Kalelo wochokera ku Britain ankatha milungu yambiri panyanja, kaya adzere ku Cape Town ndi Durban, kaya adzere ngalande ya Suez, imene inatsegulidwa mu 1869, n'kutsika kudzera ku Aden ndi Zanzibar. Milungu yonseyo munthu ankadya ndi kucheza ndi amishoni, amalonda ndi akuluakulu a boma la atsamunda. Pofika kuno anali atamva kale kuti anthu akuno ndi otani, mafumu ovuta ndi ati, antchito abwino ndi a mtundu uti. Ndiye ndikapeza wolemba akuweruza mtundu wonse wa anthu atangogona kuno masiku ochepa, ndimadziwa kuti chiweruzocho anachitola m'sitima.

Njira yomweyo imatithandizanso kuika zaka pa zolembedwa. Mayi Pringle, amene anabwera ku Blantyre ndi amuna awo mu 1880, analowera ku Quelimane, chifukwa khomo la Chinde linadziwika kwa amalinyero a ku Ulaya mu 1889. Kalata yopanda tsiku ikatchula sitima za pa Chinde, takhala tapeza kale poyambira.

Nanga ife a ku Mulanje zikutikhudza bwanji? Sitima za pa Shire zinkaima pa Chiromo, pamene mtsinje wathu wa Ruo, wochokera m'phiri la Mulanje, umathira. Njira imene inabweretsa olemba mabukuwa ndi yomwe inabweretsa Henry Brown, amene anadzala tiyi ku Thornwood mu 1891, komanso John Moir wa ku Lauderdale. Mlamu wake wa Moir, mayi Jane Moir, nawonso analemba buku la makalata a ulendo wawo wochokera ku Mandala kukafika ku Ujiji, lomwe linatuluka mu 1891. Zaka zimenezo ndi zomwenso boma linamanga Fort Lister ndi Fort Anderson, likulimbana ndi mafumu a Chiyao monga Matipwiri ndi Mkanda. Mabuku a amayiwa amationetsa moyo wa tsiku ndi tsiku wa nthawi imene malo athu ankasanduka maesiteti.

Pamene ndimakhalitsa kwambiri ndi pa machila. Amati mayi Caddick anayenda okha, kutanthauza kuti panalibe mzungu wina wowaperekeza. Koma machila ankafuna gulu la amuna osinthana mapewa, kuwonjeza amtengatenga a katundu, wophika, womasulira ndi kapitawo. Amuna amenewa ndiwo ankadziwa pooloka mtsinje, mudzi wogonapo ndi kogula ufa. M'mabuku a mtundu uwu ambiri a iwo alibe mayina. Ine ndimawasaka m'mbali mwa nkhani: analipidwa nsalu kapena ndalama, anadya chiyani, anakana liti kupitirira. Ndikaika zimenezi pambali pa msonkho wa nyumba, umene boma linayamba kutolera m'zaka zomwezo, ndimamvetsa chimene chinkachotsa bambo kumunda kwake kuti akasenze mlendo.

Sindikunena izi ponyoza mayiwa. Kuyenda ulendo wotere ali mkazi, pa msinkhu umenewo, kunafuna mtima wolimba, ndipo amayi olemba nthawi zambiri ankaona zimene amuna anzawo ankadumpha: kaphikidwe, mikanda, kaberekedwe ka mwana kumsana. Zoterezi kwa ife n'zamtengo wapatali. Koma mboni imodzi simaliza mlandu. Zimene buku lanena timazifananiza ndi mafayilo a ku National Archives ku Zomba, ndi mabuku a Society of Malawi ku Mandala House, ndiponso ndi zimene akuluakulu amakumbukira kwa Mabuka, kwa Chikumbu ndi kwa Mkanda.

Gawo lomalizali ndi limene likutipulumuka msanga. Ngati kwanu kuli agogo amene anamva kwa makolo awo za machila, za thangata, kapena za mmene Alhomwe anaolokera Ruo kuchokera ku Mozambique, khalani nawo pansi, muwajambule mawu pafoni, ndipo mulembe dzina lawo, mudzi ndi tsiku limene mwacheza nawo.