Ndawala Siyamba Tsiku Loyenda

Nkhani imayambira pamsonkhano wa komiti, mapemphero atatha kapena makolo atakumana pasukulu. Denga la kalasi linasasuka ndi mphepo, kapena amayi oyembekezera akugona pakhonde chifukwa chidikiro chachepa, ndipo amsungichuma anena kuti m'thumba mulibe kanthu. Wina amaimika mkono n'kunena kuti, "Apampando, bwanji tingoyenda ndawala?" Anthu amaomba m'manja, tsiku limasankhidwa, aliyense n'kubwerera kwawo mtima uli m'malo ngati ndalama zapezeka kale.

Ndawala ndimaikonda, ndipo kuno ku Mwanza ndakhala nawo m'makomiti okonza maulendo otere. Ndaonapo ndawala yomwe inagula malata, ndaonaponso ina yomwe inangotisiyira matuza ndi ngongole. Anthu a maulendo onse awiri anali a mtima wabwino chimodzimodzi. Chinasiyanitsa ndi zomwe ankakhulupirira asananyamuke.

Mawu oyamba omwe mudzamve ndi akuti, "Ife kuyenda n'chizolowezi, zokonzekera n'za anthu a m'tauni." Mawuwa ali ndi choonadi chake. Mayi wa ku Thambani kapena ku Kunenekude yemwe amasenza dengu la manachesi kupita nalo kumsika ali ndi miyendo yolimba kuposa ambiri a ife. Koma mayiyu amayenda panjira ya dothi, pa liwiro lake, ndipo akatopa amatula katundu pamthunzi. Ndawala imayendedwa pa phula lotentha, pagulu, kwa maola ambiri motsatizana. Munthu wabwinobwino amayenda makilomita 4 kapena 5 pa ola. Kuchoka pa Zalewa kudzafika paboma la Mwanza ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 50, kutanthauza maola 10 mpaka 12 osawerengera kupuma, ndipo popeza mukuchokera kumtsinje wa Shire, zitunda zimachuluka pomwe mphamvu zayamba kutha. Tinenenso chilungamo: ambiri omwe timalembetsa ndife aphunzitsi, ogwira ntchito pachipata ndi ochita malonda, omwe tinazolowera kabaza ndi minibasi. Miyendo yomwe inkatifikitsa kusukulu tili ana si yomweyi ayi.

Kukonzekera kwake sikufuna ndalama. Masabata 6 mpaka 8 tsikulo lisanafike, yendani katatu pasabata, ndipo ulendo umodzi mwa atatuwo uzikhala wautali, wotalikirako pang'ono sabata iliyonse: makilomita 8, kenako 12, kenako 15, mpaka mufike poyenda oposa theka la mtunda wonse osadwala m'mawa mwake. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Sabata yomaliza ndi yochepetsa, kuti thupi lipume. Amene amathamanga kwambiri kutatsala masiku awiri pofuna kubweza nthawi yomwe anataya amanyamuka atatopa kale. Ndipo amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, shuga kapena mtima, ayambe waonana ndi achipatala. Kuyenda makilomita 10 omalizira okha si chamanyazi.

Za nsapato ndinene mwachidule. Ambiri amagula zatsopano kuti akaoneke bwino pachithunzi, koma nsapato yatsopano ndi yomwe imatulutsa matuza pasanathe maola awiri. Valani yomwe phazi linaizolowera pokonzekera paja, yosathina chifukwa mapazi amatupa, ndi masokosi ouma osinthira panjira. Pakani mafuta a Vaseline pakati pa zala ndi paliponse pomwe khungu limakhudzana. Malo akayamba kutentha, imani mumatepo pulasitala thuza lisanatuluke.

Palinso akuluakulu ena omwe amati madzi amalemetsa thupi, mwamuna weniweni amamwa akafika. Chikhulupiriro ichi chimandidetsa nkhawa kuposa zina zonse, chifukwa chingathe kuchotsa moyo. Thukuta limatulutsa madzi ndi mchere, ndipo zikachepa minofu imakokana, mutu umawawa, chizungulire chimayamba. Imwani pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Madzi okhaokha ochuluka zedi popanda chakudya nawonso amasungunula mchere wa m'magazi, choncho pamalo opumira pazikhala nthochi, mbatata, mtedza wothira mchere, thobwa ndi mapaketi a Thanzi ORS. Akasowa, sungunulani masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Munthu akayamba kulankhula zosokonekera kapena kudzandira, musamulimbikitse ndi nyimbo. Mukhazikeni pamthunzi, mumuthire madzi m'thupi, athamangire naye kuchipatala. N'chifukwa chake ndimalimbikira kuti tsiku lisankhidwe pakati pa Meyi ndi Julayi, osati mu Okutobala pomwe phula la pa Zalewa limachita kuwotcha kudutsa m'nsapato. Mwayi wake, miyezi yozizirayi ndi yomwenso manachesi amapsa, ndipo alimi ambiri sakana kupereka dengu la oyenda.

Tsopano nkhani ya ndalama, pomwe pagona mutu wonse.

Timakhulupirira kuti ndalama zili pamsewu. Timaona mathiraki akutsika ndi kukwera msewu wa M6, ochokera ku Beira, ku Harare ndi ku Johannesburg kudzera ku Tete ndi Zobue, n'kumaganiza kuti aliyense akaponya kangachepe m'mbale, pofika paboma tidzakhala titalemera. Koma dalaivala wa thiraki yodzaza katundu sangaime pachitunda chifukwa cha mbale yathu, ndipo kuima pakati pa msewu n'kumaimitsa magalimoto n'kuika moyo wa ana athu pachiswe. Za pamsewu zimabwera ndithu, koma nthawi zambiri zimangokwana kubweza mafuta a galimoto yoperekeza. Ndalama zenizeni zimapemphedwa miyezi iwiri kapena itatu ulendo usanachitike: khomo ndi khomo, sitolo ndi sitolo, m'mipingo, m'mabanki a m'mudzi, ndi kwa ana a ku Mwanza omwe ali ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Joni. Taonani momwe a Nation Publications Limited amachitira ndi Mother's Fun Run yothandiza uchembere wabwino. Kuthamangako n'kwa tsiku limodzi, koma amakhala atayamba kale kulemba za mavuto a zipatala zomwe asankha ndi kupempha makampani ndi anthu, kotero kuti patsikulo amapereka zipangizo zomwe zapezeka kale. Kuyenda ndi ng'oma yoitanira anthu. Phwando limakhala litaphikidwa.

Popempha, nenani chinthu chooneka. "Tithandizeni pa chitukuko" sakhudza mtima ngati "tikufuna malata 60 a kalasi ya Sitandade 3, ndipo limodzi likugulidwa mwakuti." Woyenda aliyense akhale ndi pepala lake lokhala ndi nambala ndi chidindo cha komiti, pomwe wopereka alembe dzina ndi ndalama yake, kaya walonjeza pa kilomita iliyonse kaya wapereka kamodzi.

Chikhulupiriro china n'choti K500 ya agogo sipita patali, bola tiitane mlendo wolemekezeka adzatiponyere mamiliyoni. Alendo otere ndi ofunika, ndipo ena amakwaniritsa. Koma lonjezo lolengezedwa pachinkuzamawu si ndalama mpaka litalowa m'buku la amsungichuma, ndipo ndinakhalapo m'komiti yomwe inalondola lonjezo lotere kwa chaka chathunthu osaphula kanthu. Mu Epulo 2020, Captain Tom Moore wa ku England, ali ndi zaka 99, anaganiza zozungulira bwalo la panyumba pake maulendo 100 ndi chogwirira choyendera kuti apeze mapaundi 1,000 othandizira ogwira ntchito zachipatala. Zinapezeka ndalama zoposa mapaundi 32 miliyoni, kuchokera ku zopereka zoposa 1.5 miliyoni, zambiri za anthu wamba. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ndipo agogo omwe apereka K500 amadzabwera kudzaona ngati denga lakhomedwa, zomwe mlendo wa tsiku limodzi sachita.

Nkhani ya Captain Tom ili ndi mbali yachiwiri yomwe imandifikitsa pa chikhulupiriro chovuta kuchikamba pakati pa abale: choti kufunsa malisiti n'kusakhulupirirana. Ndalama za ulendo wake zinafika komwe zimayenera kupita. Koma bungwe lina lomwe linakhazikitsidwa m'dzina lake pambuyo pake linafufuzidwa, ndipo mu 2024 oyang'anira mabungwe achifundo m'dzikolo anapeza kuti achibale ena anapindulapo mosayenera. Dzina labwino linadetsedwa, mwini wake atamwalira kale. Kwathu kuno timachita manyazi kufunsa abusa, amfumu kapena aphunzitsi aakulu kuti ndalama zayenda bwanji. Komatu malisiti amateteza msungichuma wokhulupirika kuposa wina aliyense, chifukwa manong'onong'o akayamba pachitsime alibe china chodzitetezera. Ndalama ziwerengedwe ndi anthu awiri kapena atatu pamodzi, asaine onse. Nambala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba ikhale imodzi yodziwika, yosungidwira ntchito imeneyi yokha. Mapepala onse opemphera ndalama abwezedwe, ngakhale omwe sanalembedwe kanthu. Ndipo pasanathe mwezi, lipoti liwerengedwe pagulu n'kumatidwa pakhoma: zalowa zakuti, zatuluka zakuti, zatsala zakuti.

Potulukapo ndi pomwe ndawala zambiri zimafera. Malaya osindikiza, zinkuzamawu, mafuta ndi chakudya cha alendo zingathe kudya theka la zopereka musanagule thumba limodzi la simenti. Pemphani zinthu zimenezi ngati mphatso: wa galimoto apereke galimoto, wa chigayo apereke ufa, wa sitolo apereke shuga. Malaya, ngati mukuwafunadi, aliyense agule ake. Ndipo zikapezeka ndalama, gulani zipangizo msanga. Amene anasunga ndalama za chitukuko mu Novembala 2023, pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, anadzuka m'mawa n'kupeza kuti malata awo achepa ali m'buku momwemo.

Chotsala ndi anthu omwe sayenda. Pagulu pamakhala kamtima koti amene wavala malaya n'kutuluka thukuta ndiye wagwira ntchito, enawo angoonerera. Terry Fox, mnyamata wa ku Canada yemwe anadulidwa mwendo chifukwa cha khansa, anathamanga makilomita 5,373 m'masiku 143 mu 1980 popempha ndalama zofufuzira matendawa. Dziko limakumbukira dzina lake, koma pambuyo pake tsiku lililonse panali mnzake Doug Alward akuyendetsa galimoto yomwe ankagonamo ndi kudyeramo. Mutu umodzi susenza denga. Ndawala ya pa M6 imafuna wina wolemba makalata kwa abwanamkubwa ndi apolisi nthawi ikadalipo, ndipo musaiwale kuti kuyambira 2003 Neno ndi boma palokha, choncho wonyamukira pa Zalewa alembere maboma onse awiri. Imafuna wina wokagwada kwa mafumu a m'midzi yomwe mudzapumiremo, monga mwa mwambo wathu m'dera la Kanduku, Nthache kapena Govati. Imafuna amayi ndi abambo odzuka usiku kuphika phala ndi kutunga madzi n'kuthiramo WaterGuard, anyamata a njinga othamangitsa zigubu kutsogolo makilomita 5 alionse, namwino kapena wina wophunzitsidwa chithandizo choyamba ndi a Red Cross, ndi onyamula mbendera zofiira kutsogolo ndi kumbuyo kwa mzere. Pomwe palibe apolisi operekeza, gulu liyende kudzanja lamanja, moyang'anana ndi magalimoto omwe akubwera, awiriawiri kapena mmodzimmodzi, ndipo onyamuka kusanache avale zonyezimira.

Anthu amenewa timawatcha odzipereka, ndipo ena amaganiza kuti wodzipereka safuna kanthu. Za alawansi zikambidwe poyera pamsonkhano woyamba kuti kulibe, pasadzakhale wodandaula pambuyo. Koma chakudya, madzi, mayendedwe obwerera kwawo ndi kutchulidwa dzina pothokoza, zimenezi ndi zawo. Mayi yemwe waima padzuwa ndi ndowa ya thobwa kuyambira m'mamawa asamaone mbale zikupita kwa alendo okha.

Pa ntchito zonsezi, yomwe ndimaipempha ine ndi ya kumapeto kwa mzere. Munthu ameneyu amanyamula mndandanda wa onse omwe ananyamuka, ndipo salola aliyense kutsalira kumbuyo kwake. Amayenda ndi bambo wotsimphina, mtsikana yemwe nsapato yamuduka, mayi yemwe wakana kukwera galimoto chifukwa analonjeza anthu a m'mudzi mwake kuti afika ndi miyendo. Pomwe iwo akulowa paboma, dzuwa limakhala litapendeka, nyimbo zinatha, mlendo wolemekezeka ananyamuka kale. Amapeza amayi akutsuka miphika ndipo amsungichuma ndi anzawo awiri ali pansi pa mtengo, akuwongola makwacha onyowa ndi thukuta n'kumalemba m'buku. Wa kumapeto uja amakhala pambali pawo, amavula nsapato, n'kuchonga dzina lomaliza.