Kutsatira bambo ku Joni: Masiku 30 akatha zimatha bwanji?

Tsiku lonyamuka basi ya ku Joni, m'tinjira ta ku Mbayani mumzinda wa Blantyre simulephera kuoneka mayi atasenza chikwama chachikulu, abale ndi anansi akumuperekeza kulowera cha ku Wenela. M'chikwamamo mumakhala ufa woyera, mpunga wa Kilombero, usipa wouma ndi zitenje ziwiri zitatu, zinthu zomwe bambo wa kunyumba wakhala akuzilakalaka kuchilendoko.

Mawu otsazikirana sasintha. "Muyende bwino alamu, mukapereke moni kwa achimwene," amatero ena. Mayi ake omubereka nawo amaonjezera awo: "Mwananga, za ana usadandaule, ukangofika utiimbire."

Wapaulendoyo akafunsidwa kuti abwerera liti, yankho limakhala lakuti akukacheza miyezi ingapo, bambo akakonza mapepala adzabwera kudzatenga ana. Komatu chidindo chomwe akalandire pachipata cha Beitbridge sichikamba za miyezi. Mmalawi wolowa m'dziko la South Africa ngati mlendo safunika viza, koma amaloledwa kukhalako masiku osapitirira 30. Pakati pa miyezi yomwe banja lapangana ndi masiku 30 omwe boma la eni dziko lalemba, m'pomwe maanja ambiri amagwera m'mavuto.

Njira ndi yakale, apaulendo ndi atsopano

Dzina la Wenela lomwe anthu a ku Mbayani, Chemusa ndi Chirimba amalitchula tsiku ndi tsiku lidachokera ku bungwe lomwe linkalemba amuna ntchito za m'migodi ya golide ku South Africa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodimo. Mu April 1974, ndege ya bungweli idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kumudzi, ndipo Dr Hastings Kamuzu Banda adaimitsa kulemba anthu ntchitozo. Maulendowa adayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la Theba, koma adadzatheratu cha m'ma 1988 pamkangano wokhudza kuyeza magazi a anthu ofuna ntchito.

Nthawi imeneyo nkhani yotsatira bambo kunalibe. Amuna ankagona m'makomponi a amuna okhaokha, mkazi ankatsala pakhomo kudikira kalata ndi ndalama. Yemwe wapita osabwerera ankatchedwa mtchona.

Ulamuliro wa tsankho utatha ku South Africa mu 1994, zinthu zidasintha. Amuna adayamba kupita paokha kukagwira ntchito za m'nyumba, m'minda ya maluwa, m'mashopu, zosoka ndi zomanga. Mwamuna akapeza kachipinda ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town, choyamba kuganiza n'kuitanitsa mkazi. Masiku ano aliponso amuna omwe amatsatira akazi awo, komanso zibwenzi zomwe zimafuna kukakhalira limodzi kaye ukwati usanachitike.

Zidindo 6 ulendo umodzi

Basi ikachoka ku Blantyre imayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kukafika pachipata cha Mwanza, kenaka Zobue mbali ya Mozambique. Ikawoloka mtsinje wa Zambezi ku Tete imatulukira pa Cuchamano n'kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda. Kuchoka apo ndi Harare, Masvingo mpaka Beitbridge pamtsinje wa Limpopo, pomwe pali chipata chotulukira Zimbabwe ndi cholowera South Africa. Ulendowu umatenga pafupifupi masiku awiri, ndipo pasipoti imadindidwa ka 6 popita pokha.

Mwa zidindo zonsezi, chomaliza ndicho chofunika kuchiwerenga mofatsa. Ofesala amalembapo tsiku lomwe mlendo ayenera kukhala atatuluka, ndipo atha kupereka masiku ochepera 30 akaona kuti mayankho a wapaulendo sakumveka bwino. Ambiri chifukwa cha kutopa amangoponya pasipoti m'chikwama osayang'ana, n'kumawerengera masiku m'mutu.

Pachipatapo, pomwe kuyambira mu 2023 pamayang'aniridwa ndi bungwe la Border Management Authority, mlendo atha kufunsidwa komwe akupita, yemwe akukamuona, ndalama zomwe ali nazo komanso tikiti yobwererera. Pasipoti iyenera kukhala ndi masamba osadindidwa ndiponso ikhale yoti idzagwirabe ntchito masiku 30 kuchokera tsiku lomwe ulendowo udzathe. Mwana aliyense amayenda ndi pasipoti yakeyake.

Chinanso chomwe ambiri sachilabadira n'chakuti mlendo saloledwa kugwira ntchito. Mayi yemwe wapeza ganyu yochapa kapena yolera mwana ali pa chidindo cha ulendo waphwanya kale lamulo, ngakhale masiku ake asanathe.

Kodi bambowo ali ndi pepala lanji?

Ili ndi funso lomwe amayi ambiri amachita nalo manyazi kufunsa, koma ndilo mutu wa nkhani yonse. Safunsa adadya phula. Malinga ndi lamulo la South Africa loona za olowa ndi kutuluka la 2002, zomwe mkazi angapeze zimatengera pepala lomwe mwamuna wake ali nalo, ndipo pali magulu atatu.

Gulu loyamba ndi la amuna omwe ndi nzika za South Africa kapena ali ndi chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale. Mkazi wa munthu wotere atha kupempha viza ya wachibale kapena ya mkazi wapabanja, ndipo ya mkazi wapabanjayi itha kuikidwa chilolezo chogwira ntchito, kuphunzira kapena kuchita bizinesi. Ukwati ukakwanitsa zaka 5, mkaziyo atha kupempha chilolezo chokhazikika.

Gulu lachiwiri ndi la amuna omwe ali ndi viza ya ntchito kapena ya sukulu. Mkazi atha kupempha viza yoperekeza mwamuna wake, yomwe imatha nthawi imodzi ndi ya mwamunayo, koma payokha simupatsa ufulu wogwira ntchito.

Gulu lachitatu ndi la amuna omwe adalowa ndi chidindo cha masiku 30 zaka zapitazo n'kungokhaliratu, kapena adawoloka Limpopo mozemba. Mwamuna wotere, kaya amalandira ndalama zambiri bwanji, kaya bwana wake amamukonda chotani, sangakonzere mkazi wake pepala lililonse chifukwa iye mwini alibe poimira. Lonjezo lakuti "mapepala tikakonzera konko" likachokera kwa munthu wa gulu ili, mkazi adziwiretu kuti palibe ofesi yomwe ikawalandire.

Kupemphera kuno kapena konko?

Mu May 2014 dziko la South Africa lidakhwimitsa malamulo ake. Kuyambira nthawiyo, munthu yemwe walowa ngati mlendo saloledwa kusintha chidindo chake kukhala viza ya mtundu wina ali m'dzikomo. Ayenera kubwerera kwawo n'kukapempha ku ofesi ya kazembe, yomwe kuno kwathu ili ku Lilongwe.

Lamuloli lidasiyanitsa maanja ambiri mpaka mayi wina wa ku Uganda, yemwe mwamuna wake adali ndi chilolezo chokhazikika, adakasuma. Mu June 2019 bwalo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo lidagamula kuti mkazi, mwamuna kapena mwana wa nzika ngakhalenso wa munthu wokhazikika atha kupempha viza ali m'dziko momwemo, osakakamizidwa kusiya banja.

Chigamulochi chidathandiza gulu loyamba lija. Mkazi wa munthu yemwe ali ndi viza ya ntchito chabe achita bwino kupempha viza yake ku Lilongwe asanakwere basi. Ndipo ngakhale yemwe akuloledwa kupemphera konko ayenera kupereka mapepala ake masiku a chidindo asanathe.

Izi si za ku South Africa kokha. Ku United Kingdom mlendo amaloledwa kukhala mpaka miyezi 6, koma akafuna viza ya banja ayenera kubwerera kwawo kukapempha. Maiko ambiri amasiyanitsa kucheza ndi kukhala.

Chinkhoswe chopanda kalata

Maukwati ambiri a ku Mbayani, monganso m'madera ena, adamangidwa pa chinkhoswe. Ankhoswe a mbali zonse adakumana, nkhuku idadyedwa, mudzi wonse ukudziwa kuti awa ndi banja. Lamulo la maukwati la dziko lino la 2015 limavomereza ukwati wa chikhalidwe, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, wa kwa DC, ngakhalenso wa anthu omwe akhalira limodzi nthawi yaitali.

Vuto n'lakuti ofesala wa ku Home Affairs sangaitanitse ankhoswe. Iye amafuna setifiketi ya ukwati. N'chifukwa chake n'kwanzeru kulembetsa ukwati ku ofesi ya DC kapena kwa Registrar General mwamuna akabwera kutchuthi, m'malo modikira tsiku lomwe pepalalo lidzafunike mwadzidzidzi. Maina a pa setifiketi afanane ndi a mu pasipoti, chifukwa chilembo chimodzi chosiyana chimatha kubweza munthu.

Kwa omwe sadakwatirane koma amakhala ngati banja, malamulo a South Africa amafuna umboni wakuti ubwenziwo wakhalapo zaka zosachepera ziwiri, kuphatikizapo pangano lolembedwa pamaso pa loya wovomerezeka. Pamwamba pa izi, wopempha viza yokhalitsa amafunikanso kalata ya apolisi yotsimikiza kuti alibe mlandu, kalata ya dokotala ndi umboni wakuti mnzakeyo ali ndi ndalama zomusamalira.

Masiku akapitirira

Chaka cha 2014 chisanafike, wopitiriza masiku ankalipira chindapusa basi. Lero chilango ndi chiletso. Wopitiriza ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso m'dzikomo kwa chaka chimodzi. Akabwereza pasanathe miyezi 24, chiletso chimakhala cha zaka ziwiri. Wopitiriza ndi masiku oposa 30 amaletsedwa kwa zaka 5.

Tiyerekeze mayi yemwe wakhala ku Joni miyezi inayi, kenaka walandira foni kuti mwana wadwala ku Mbayani kapena kwagwa maliro. Potuluka pa Beitbridge adzapatsidwa chiletso cha zaka 5. Ulendo womwe adaupanga pofuna kusunga banja ndi womwe udzamulekanitse ndi mwamuna wake kwa zaka zonsezo. Mwayi wochita apilo ku Home Affairs ulipo, koma umafuna zifukwa zomveka ndi umboni, monga kalata ya kuchipatala.

Poopa chiletsochi, ena amangokhala osabwerera, ndipo umu ndi momwe utchona wa masiku ano umayambira. Ana omwe adasiyidwa kwa agogo kwa miyezi itatu amakula akumva mawu a mayi awo pafoni pokha. Mayiyo naye amakhala mwamantha, kuopa galimoto ya apolisi ngakhalenso kupita kuchipatala. Banja likasokonekera, mwamuna akayamba nkhanza kapena akapeza mkazi wina, mayi wopanda mapepala amaopa kukadandaula, ndipo ankhoswe ali kutali.

Ogwidwa amatumizidwa kumalo osungirako anthu a Lindela, pafupi ndi Krugersdorp, komwe lamulo limalola kusunga munthu mpaka masiku 120 podikira kuthothedwa. Amalawi ambiri adabwerako kumeneko chimanjamanja, katundu yense atatsala.

Palinso njira zachidule zomwe zimakopa anthu. Ena amapereka pasipoti kwa anthu oyendayenda kuti akaidinditse kuchipata mwini wake ali m'nyumba. Ena amagula mapepala kwa madobadoba. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: chidindo chabodza chikapezeka, mlandu umagwera mwini pasipoti, ndipo mwayi wodzapeza viza yeniyeni umaonongekeratu.

Amayi oyembekezera adziwenso kuti mwana wobadwira ku South Africa sakhala nzika ya dzikolo chifukwa chongobadwirako. Kholo limodzi likakhala nzika, mwana amatenga unzika pobadwa.

Moyo wa kuchilendo umasinthanso mosayembekezereka. Mu May 2008 zipolowe zodana ndi alendo zidapha anthu 62, ndipo mu April 2015 zitabuka ku Durban boma la Malawi lidatumiza mabasi kukatenga nzika zake. Pa nthawi zoterezi, yemwe ali ndi pasipoti m'manja ndi mapepala olongosoka savutika kupeza thandizo ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ku ofesi ya ku Johannesburg.

Osaphwasula pakhomo

Cholakwika china chimachitikira konkuno basi isananyamuke. Mayi amabweza nyumba ya lendi, amagulitsa mipando, amatseka geni ya tomato kapena ya kaunjika, amatuluka ku banki m'khonde, zonsezi chifukwa cha ulendo womwe lamulo likuuona ngati wa mwezi umodzi. Zikakanika uko, amabwerera opanda pogona ndi poyambira.

Omwe zimawayendera bwino ndi omwe amautenga ulendo woyamba ngati wokaona chabe. Amagula tikiti yopita ndi yobwerera, amasunga pasipoti yawo okha osaipereka kwa mwamuna kapena bwana, amakaona ndi maso awo komwe bambo amagona, ntchito yomwe amagwira ndi pepala lomwe ali nalo. Tsiku la pa chidindo lisanakwane amakhala atakwera basi. Akafika kuno amakhala pansi ndi ankhoswe, n'kuona ngati kuli koyenera kuyamba ulendo wa ku Lilongwe kukapempha viza, kapena kupitiriza kumayenderana mwa apo ndi apo.

Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mayi wa ku Mbayani yemwe wabwerera pa tsiku la 28 amakhala atasiya khomo la Beitbridge lotsekula, ndipo chaka chamawa atha kukweranso basi pa Wenela mopanda mantha.