Dzina la malonda anu likawoloka malire

Tiyerekeze mayi wa ku Mchinji wopanga chiponde. Pa botolo lililonse amamatapo kapepala kofiira kokhala ndi dzina lake ndi chithunzi cha mtedza wosenda, ndipo chizindikirochi anachilembetsa kale ku ofesi ya Registrar General. Tsopano ogula a ku Chipata ayamba kuitanitsa makatoni. Chimene mayiyu ayenera kudziwa n'chakuti mphamvu ya satifiketi yake imathera pachipata cha Mwami. Munthu wina akhoza kukalembetsa dzina lomwelo ku Lusaka, kenako n'kuletsa mwiniwake weniweni kugulitsa nalo katundu mu Zambia.

Lamulo la zizindikiro za malonda limagwira ntchito dziko ndi dziko. Ku Malawi, lamulo la 2018 limateteza chizindikiro kwa zaka 10, ndipo zikatha mumakawonjezera. Ku Zambia olemba ndi a PACRA, ku Mozambique ndi a IPI ku Maputo, pomwe ku South Africa ndi a CIPC.

Wofuna mayiko angapo sayenera kugogoda khomo lililonse palokhapalokha. Bungwe la ARIPO, lomwe likulu lake lili ku Harare, limalandira pempho limodzi kudzera mu pangano la Banjul la 1993, ndipo mumatchulamo mayiko amene mukufuna, monga Mozambique, Zimbabwe kapena Botswana. Koma apa mpofunika kusamala. Zambia ndi membala wa ARIPO, komabe sinalowe m'pangano la Banjul, choncho mayi wathu uja njira imeneyi siingamufikitse ku Chipata. Iye apite ku PACRA, kapena adzere njira ya Madrid, imene Malawi inalowamo mu 2018. Pa njira ya Madrid, pempho limaperekedwa ku ofesi ya kuno ku Malawi, n'kupita ku bungwe la WIPO ku Geneva, ndipo dziko lililonse lotchulidwamo limaliunika palokha, n'kuvomera kapena kukana. South Africa ilibe mbali m'njira ziwiri zonsezi.

Polembetsa mumasankha gulu la katundu mwa magulu 45. Chiponde chili m'gulu 29, mpunga ndi tiyi zili m'gulu 30, ndiye wogulitsa zonsezi alipira magulu awiri. Ku Mozambique kulinso lamulo loti zaka zisanu zilizonse muzipereka chikalata chonena kuti mukufunabe kugwiritsa ntchito chizindikirocho.

Chimene ine ndimaona kuti amalonda ambiri amachiphonya ndi miyezi isanu ndi umodzi ya pangano la Paris. Mukapereka pempho ku Malawi lero, n'kupereka lina ku Zambia miyeziyi isanathe, a ku Lusaka adzawerenga ngati munafika lero lomwe, ndipo aliyense amene analowerera pakatipo adzakhala pambuyo panu.

Ndipo musalole kuti wokugulitsirani katundu kunjako alembetse chizindikiro m'dzina lake, ngakhale atakhala mlamu wanu. Fufuzani kaye m'kaundula wa dzikolo ngati dzinalo lilibe mwini, lembetsani m'dzina lanu, kenako pakizani makatoni.